Usipa Wouma: Ndiwo Imene Sitiyenera Kuchita Nayo Manyazi

Amene anayendapo pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima kulowera ku Dwangwa akudziwa kuti ku Nkhotakota nsomba imakupeza usanatsike n'komwe m'basi. Pa mlatho wa Chia, pamene dziwe lalikulu lija limalumikizana ndi nyanja, ogulitsa amathamangira galimoto iliyonse atakweza chambo m'mwamba. Koma mukapatuka pamsewu n'kutsetserekera kumadoko, mupeza kuti nsomba imene yadzaza matandala si chambo ayi. Ndi usipa, ukung'anima padzuwa, amayi akuutembenuza ndi manja, ana akuingitsa akhwangwala ndi nkhuku.

Pakapita masiku awiri kapena atatu, usipa womwewo umakhala uli m'matumba pamwamba pa lole, ulendo wa ku Kasungu, Ntchisi, Dowa ndi Lilongwe, kukathera pa timilu ta pamsika ndi m'miphika yathu. Ambiri a ife tinakulira usipa, komabe timaupeputsa. Timauona ngati ndiwo ya kumapeto kwa mwezi, ndipo dzina loti bonya lasanduka mawu onenera umphawi. Abusa kapena mkulu wa mpingo akatichezera mwadzidzidzi, mayi wa pakhomo amayamba ndi kupepesa asanavundukule mbale.

Manyazi amenewa alibe maziko. Pa zakudya zonse zimene banja lopeza movutikira lingakwanitse kugula, n'zochepa kwambiri zimene zingamange thupi la mwana monga mmene kansomba aka kamachitira. Chofunika kudziwa n'chakuti ubwino wake umadalira mmene wayanikidwira, mmene tausungira kunyumba ndi mmene tauphikira.

Kuchokera m'madzi kufika pathandala

Usipa umapezeka m'nyanja ya Malawi ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire basi. Kapenta wa ku Kariba ndi ku Cahora Bassa komanso dagaa wa ku Tanzania amafanana nawo maonekedwe, koma ndi mitundu ina. Usipa umayenda m'magulu akuluakulu, umadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, umakula msanga, ndipo moyo wake supitirira kwenikweni chaka chimodzi. Masiku ano kuposa theka la nsomba zonse zimene zimagwidwa m'dziko muno ndi usipa.

Asodzi amaupha usiku. Munthu wotchedwa siginala amapalasa kabwato kokhala ndi nyali n'kukaima pamalo pamene akuona kuti pali nsomba. Kale nyalizo zinali za palafini, lero ambiri akuyatsa mababu a batire. Usipa ukasonkhana pa kuwalako, anzake amauzinga ndi khoka la chilimira n'kukoka. N'chifukwa chake mwezi ukawala kwambiri usipa umasowa padoko ndipo mtengo umakwera, poti nyali siikopa nsomba kunja kuli ngwee. Chimodzimodzinso mphepo ya mwera ikamawomba m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, asodzi amatha masiku angapo osalowa m'madzi. Mayi wodziwa kuyendetsa ndalama za pakhomo amagula wambiri nthawi imene mwezi uli mumdima ndiponso nyanja ili bata, n'kusunga.

Maboti akafika mbandakucha, ntchito imagwera amayi a geni. Njira zawo zikuluzikulu ndi zitatu. Yoyamba ndi kungoyanika usipa wauwisi pathandala mpaka utauma. Yachiwiri ndi kufutsa: amauviika kanthawi kochepa m'madzi owira, nthawi zambiri othira mchere, kenako n'kuuyanika. Yachitatu, imene yafala zaka zaposachedwapa, ndi kuukazinga m'mafuta ambiri kuti ugulitsidwe wodyekeratu. Nsomba zokulirapo monga utaka, mcheni ndi ndunduma, zina amaziyanika, zina amaziwamba pamoto.

Vuto lalikulu limabwera m'dzinja. Kukachita mitambo masiku awiri otsatizana, nsomba imayamba kuwola isanaume, ntchentche zimaikirapo mazira, ndipo mayi amene anaikapo mpamba wake wonse amangoyang'ana ukutayika. Ena posafuna kuluza amagulitsabe nsomba yotereyo mosakaniza ndi yabwino. Pofuna kuthana ndi vutoli, a nthambi ya boma yoona za nsomba pamodzi ndi akatswiri a kuyunivesite ndi bungwe la WorldFish anayesa matenti a pulasitiki oyanikiramo nsomba ku Mangochi ndi ku Salima. Mkati mwa tenti mumatentha ndi dzuwa, mphepo imadutsa, koma mvula, fumbi ndi ntchentche sizilowa. Komabe usipa wambiri umene tikudya ukuumabe pathandala lapamtetete, choncho wogula ayenera kukhala ndi maso.

Kodi ndi nsomba yoyera?

Kwa ife a Adventist funso loyamba pa nsomba iliyonse ndi limeneli. Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14 amapereka zizindikiro ziwiri: cholengedwa cha m'madzi chikhale ndi zipsepse komanso mamba. Usipa uli nazo zonse, ngakhale mamba ake ndi aang'ono ndipo ambiri amathothoka poukoka ndi pouyanika. Utaka, chambo, kambuzi, mcheni, ndunduma, mpasa, sanjika ndi matemba a ku Chilwa nazonso zili ndi zipsepse ndi mamba. Zimene zilibe mamba ndi mlamba, kampango, bombe ndi nkholokolo, zonse za khungu loterera ndi ndevu pakamwa. Nkhanu nayo ili m'gulu la zodetsedwa.

Pamsika nkhaniyi imafuna kusamala pa zinthu ziwiri. Choyamba, khoka silisankha. M'mulu wa tinsomba tosakanikirana mumatha kupezeka tiana ta mlamba kapena ta nkholokolo, nthawi zina ndi tinkhanu tomwe. Musanaphike, khuthulirani nsombayo m'lichero n'kusankha. Ana aphunzitseni kuzindikira mutu waphwatalala ndi ndevu, adzakuthandizani ndipo phunziro la Levitiko lidzawalowa kuposa mmene likanawalowera pongolimva m'kalasi ya Sukulu ya Sabata. Chachiwiri, nsomba zikuluzikulu zowamba zimene zadulidwa nthulinthuli zimavuta kuzidziwa zikada ndi utsi. Ngati simukuona mamba pakhungu, funsani wogulitsa, ndipo ngati mukukayikabe gulani yathunthu imene mukuidziwa.

Tikumbukirenso kuti kuyera kwa mtundu wa nsomba sikutanthauza kuti nsomba iliyonse ya mtunduwo ndi yabwino m'thupi. Usipa woyanikidwa pamchenga podutsa agalu, kapena umene wachita chuku, ndi woyera mwa mtundu wake koma ukhoza kudwalitsa banja lonse. Lamulo la zakudya linaperekedwa kuti tikhale ndi moyo wathanzi, ndipo ukhondo ndi mbali ya cholinga chomwecho.

Chimene chili m'kansombaka

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, ndipo 63 pa 100 anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Mwana wopinimbira safupika msinkhu kokha. Amadwaladwala, ndipo nthawi zambiri amavutika kugwira maphunziro. Ambiri mwa anawa sagona ndi njala. Mimba imakhuta nsima ndi phala, koma thupi silipeza zomangira.

Ku Nkhotakota nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja amadalira nsima ya kondowole. Chinangwa chimapirira chilala ndipo chapulumutsa anthu zaka zambiri za njala, koma ufa wake uli ndi mapuloteni osakwana magalamu 2 pa magalamu 100 aliwonse, pamene chimanga chosakonola chili ndi pafupifupi magalamu 9. Makolo athu a kunyanja sankadziwa manambala amenewa, koma ankadziwa kuti kondowole amayenda ndi nsomba ndi chigwada. Nsomba ikachoka pambale imeneyo, chotsala ndi chokhutitsa chabe.

Usipa ukauma madzi amachoka, zomanga thupi n'kutsala zothinana, moti kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Koma chimene chimaupambanitsa chambo n'chakuti timaudya wathunthu. Chambo timadya mnofu n'kutaya minga ndi mutu. Usipa timatafuna ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndimo muli kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano, amene mabanja ambiri sangamupeze mu mkaka chifukwa cha mtengo. M'mutu, m'maso ndi m'kati mwake muli vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi. Mulinso ayironi wopanga magazi, zinki wothandiza mwana kukula ndi kuchira msanga akatsekula m'mimba, vitamini B12 wofunika ku magazi ndi mitsempha, komanso mafuta a omega-3 othandiza ubongo wa mwana amene akukula.

Pali phindu linanso. Ayironi wa mu nyemba ndi masamba salowa m'thupi mosavuta, koma kansomba kochepa kakakhala pambale yomweyo kamathandiza kuti alowe wochulukirapo. Zipatso za vitamini C monga magwafa, malalanje, mango ndi malambe zimachitanso chimodzimodzi, pamene tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa. Ndipo popeza usipa umadya tizilombo tating'ono n'kukhala moyo waufupi, susonkhanitsa m'thupi mwake poizoni wambiri monga zimachitira nsomba zikuluzikulu zodya zinzake kwa zaka zambiri.

Nanga uthenga wathu wa zakudya zakudimba?

Ena angafunse ngati sitikutsutsana ndi chiphunzitso cha mpingo chakuti chakudya chabwino koposa ndi cha mbewu, nyemba, mtedza, masamba ndi zipatso. Sitikutsutsana nacho. Banja limene lili ndi nyemba, nandolo, khobwe, soya, mtedza, masamba ndi zipatso zokwanira chaka chonse, kuphatikizapo mkaka kapena mazira, likhoza kulera ana athanzi popanda nsomba, ndipo tikulilimbikitsa kutero. Amene asiya zonse zochokera ku nyama, mkaka ndi mazira omwe, ayenera kumwa vitamini B12 wa mapiritsi kapena kudya zakudya zimene anawonjezeramo vitaminiyu, chifukwa m'zomera sapezeka modalirika.

Chimene sitiyenera kuchita ndi kuchotsa nsomba pambale ya mwana tisanaikepo cholowa m'malo mwake. Mayi Ellen White, m'buku la The Ministry of Healing la 1905, anachenjeza za nsomba zokhala m'madzi oipitsidwa ndi zonyansa za m'mizinda, koma m'buku lomwelo anaphunzitsanso kuti posiya nyama payenera kulowa zakudya zina zopatsa thanzi ndiponso zokoma, ndi kuti kusinthaku kusachitike mokakamiza kapena mopupuluma. Mayi wamasiye wa ku Liwaladzi amene ali ndi munda wa chinangwa wokha akauzidwa kuti asiye usipa, ndiye kuti ana ake atsala ndi kondowole ndi masamba. Kumeneko si kukonzanso zaumoyo.

Kafukufuku wa mpingo wathu womwe ali ndi mawu pa nkhaniyi. Yunivesite ya Loma Linda ku America inayamba mu 2002 kutsatira a Adventist pafupifupi 96,000 a ku United States ndi Canada m'kafukufuku wotchedwa Adventist Health Study-2. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2013 zinaonetsa kuti pa zaka pafupifupi 6, imfa pakati pa osadya nyama zinali zochepa ndi 12 pa 100 poyerekeza ndi odya nyama. Pakati pa amene ankadya zakudimba ndi nsomba koma osadya nyama ina, imfa zinali zochepa ndi 19 pa 100. Moyo wa ku America ndi wosiyana ndi wathu, koma phunziro lake ndi lomveka: mbale yodzaza ndi zomera, nsomba yoyera ili pambali pang'ono, ndi mbale yabwino. Tisaweruzane pa nkhani imeneyi. Wosiya nsomba asanyoze wodya, ndipo wodya asaseke wosiya.

Phala la mwana

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Achipatala amanenanso zomwezo akamakamba za masiku 1,000 oyambirira, kuyambira pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka 2. Kupinimbira kumene kwachitika nthawi imeneyi kumavuta kukonza pambuyo pake. Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Akakwanitsa miyezi 6 amayamba phala uku akuyamwabe, ndipo apa m'pamene ambiri timaphonya: timamupatsa phala la madzimadzi la ufa woyera, kenako nsima yonyowetsa mu msuzi, nsomba yeniyeniyo n'kupita m'mbale ya bambo. Msuzi uli ndi fungo ndi mchere, koma zomanga thupi zimatsala mu nsombamo.

Njira yosavuta ndi kupanga ufa wa usipa. Sankhani usipa wouma bwino, wopanda mchere wambiri. Utsukeni msangamsanga m'madzi ofunda kuti mchenga uchoke, muuyanikenso mpaka uume gwa. Ukazingeni pa chiwaya chopanda mafuta, pamoto wochepa, mpaka uyambe kununkhira ndi kuthyoka mosavuta. Ukazizira usinjeni mu mtondo woyera, ndi mitu yomwe, n'kusefa ndi sefa ya mabowo aang'ono kuti pasatsale kaminga kolasa mwana. Zotsala pa sefa sinjaninso. Ufawo sungani m'botolo louma lotseka bwino, ndipo pangani wokwanira sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa mafuta a nsomba amasasa akakhalitsa.

Pophika phala la mgaiwa, thirani kasupuni kamodzi ka ufawu, mwana akazolowera muwonjezere kufika tiwiri. Onjezani nsinjiro, masamba osinja kapena dzungu, ndipo phalalo lipse bwino, likhale lolimbirako loti silikuyenderera pa supuni. Mukaona mwana watuluka ziwengo kapena watupa milomo atadya, siyani ndipo pitani naye kuchipatala, chifukwa alipo ana ochepa amene thupi lawo limadana ndi nsomba kapena mtedza. Ufa womwewu ndi wabwino kwa mayi woyembekezera, woyamwitsa, ndi agogo amene mano anatha. Amayi a Dorika akamapita kukaona odwala, kabotolo ka ufa umenewu ndi mphatso yoposa paketi ya shuga.

Pogula ndi posunga

Usipa wabwino umaoneka ndi maso. Umakhala wowala, wathunthu, ndipo ukaupinda umathyoka. Wofewa, womata m'manja, wakuda kumimba kapena wa fungo lowawasa ndiye kuti unayamba kuwonongeka usanaume. Pisani dzanja pansi pa mulu kapena pa ndowa. Mukapeza fumbi lambiri ngati gaga ndi timabowo m'nsomba, tizilombo talowa kale. Mchenga wochuluka ukusonyeza kuti unayanikidwa pansi. Mukamva fungo la mankhwala, usiyeni ngakhale utatchipa motani. Alipo amalonda ena osaopa Mulungu amene amathira nsomba mankhwala ophera tizilombo a m'munda kapena a m'nkhokwe kuti isafumbwe, ndipo mankhwala otero satha ndi kutsuka.

Usipa wokazinga kale wa pamsika ndi wokoma ndiponso sutaya nthawi, koma mafuta ake nthawi zambiri amakhala obwerezabwereza mpaka kuda. Mafuta otero si abwino ku mtima, ndipo nsomba yake siichedwa kusasa. Ndi bwino kugula wouma n'kukakazinga nokha ndi mafuta ochepa. Wofutsa amakhala ndi mchere kale, choncho lawani musanathire wina. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi kosadzaza, kuwerengera zakudya zonse. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi asankhe usipa wongoyanika. Amene adokotala anawapeza ndi nyamakazi ya gout, imene imatupitsa mfundo makamaka chala chachikulu cha kuphazi, adye wochepa chifukwa tinsomba totere timatha kuidzutsa.

Mukafika nawo kunyumba, uyanikeni tsiku limodzi padzuwa, pamalo okwera, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala. Mukatero usungeni m'dengu loyera kapena m'thumba lolowa mphepo, n'kupachika pamalo ouma kutali ndi makoswe ndi amphaka. M'chigubu kapena m'pepala la pulasitiki muziika wouma gwa okha, apo ayi umachita thukuta n'kumera chuku. Sabata iliyonse ukhuthuleni, muuone, muuonetsenso dzuwa. Musauthire mankhwala alionse. Umene wachita chuku utayeni, ndipo musapatse ana poganiza kuti moto upha zonse.

Kuphika kosataya zabwino

Ambiri timadula mitu yonse chifukwa choopa kuwawa. Kuwawako kwenikweni kumachokera m'matumbo ndi ku nsomba imene sinaume bwino. Ngati usipa ndi waukulu, finyani kumimba n'kuchotsa zakudazo, koma mutu usiyeni. Tsukani kawiri m'madzi ofunda mwachangu. Kuuviika nthawi yaitali kumangosungunula zina mwa zabwino zake n'kuzitaya ndi madziwo.

Usipa wotendera ndi ndiwo yosafuna mafuta ogula. Wiritsani usipa ndi tomato ndi anyezi m'madzi ochepa, ukafewa thirani nsinjiro, vundulani, n'kusiya pamoto wochepa mpaka nsinjirozo zitapsa. Mukaikamo nkhwani, bonongwe kapena chigwada chosinja, dzanja limodzi la usipa limakwanira banja lonse, ndipo m'mphika umodzi mwalowa atatu mwa magulu 6 a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa. Mtedza wa nsinjirowo usankhidwe bwino. Wonyala, wobooka ndi wachuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi.

Anthu a maiko ena amene ali ndi ndalama zogulira nyama tsiku lililonse sachita manyazi ndi tinsomba touma. Ku Japan amatiwiritsa kupanga msuzi umene ndi maziko a ndiwo zambiri. Ku Korea amatikazinga n'kudyera mpunga. Ku Taiwan tinsomba touma sitisowa m'khitchini, ndipo zilumba za Penghu zimadziwika ndi ntchito yowiritsa ndi kuyanika nsomba zazing'ono, mofanana ndi kufutsa kwathu. Kumeneko amatikazinga pamodzi ndi mtedza, adyo ndi tsabola, ndipo timagulitsidwanso m'timapaketi tosakaniza ndi mtedza wa almond, timene makolo amagulira ana chifukwa cha kashiamu.

Zonse zofunika pa chakudya chimenechi tili nazo. Kazingani kapu imodzi ya mtedza payokha n'kuchotsa makoko. Kazingani kapu imodzi ya usipa waung'ono wotsuka ndi kuumitsa, m'supuni imodzi ya mafuta, pamoto wochepa mpaka ukhale wokhukhuta. Sakanizani, thirani adyo pang'ono ndi kamchere, ndipo zikazizira ikani m'botolo. Mwana wa sukulu akatenga dzanja limodzi la zimenezi ndi nthochi, wadya chakudya chenicheni, osati tizakudya ta m'mapaketi todzaza mchere, shuga ndi utoto. Ana osakwana zaka 5 musawapatse mtedza wathunthu poopa kutsamwa. Awo asinjireni.

Chakudya chomwechi chimathandiza pa tsiku lokonzekera. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, usipa wa msuzi wa tomato wophika Lachisanu masana ukhoza kusasa lisanafike dzuwa la Sabata masana ngati pakhomo palibe firiji. Wokazinga mouma umakhala bwinobwino, ndipo umayenda ndi mpunga, mbatata kapena chinangwa chophika, tomato wodula pambali. N'chifukwa chakenso sulephera m'katundu wa mabanja opita ku msonkhano wa misasa ndi wa ana opita kusukulu zogonera komweko.

Nyanja nayo ili ndi malire

M'zaka za m'ma 1950 nsomba ya ntchila inali imodzi mwa zochuluka kwambiri m'nyanja yathu. Lero achinyamata ambiri sanaionepo. Chambo chachepa ndipo chakwera mtengo kufika poti mabanja a kunyanja komweko amachigulitsa m'malo mochidya. Mpasa, umene umakwera mtsinje wa Bua kudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota kukaswana, nawo wachepa. Usipa ndiwo watsala kunyamula dziko, ndipo ngakhale umaswana msanga, sitinganene kuti sungathe.

Lamulo la zausodzi la 1997 linapatsa anthu a m'midzi mphamvu yosamalira madoko awo kudzera m'makomiti a m'mbali mwa nyanja, ndipo chaka chilichonse kuyambira pa 1 Novembala boma limaletsa kwa kanthawi makoka okokera kugombe kuti chambo chiswane. Kuwedza ndi masikito, amene anaperekedwa kuti atiteteze ku malungo, n'koletsedwa chifukwa amakokolola mazira ndi tiana tomwe. Anansi athu a ku Salima ali ndi chitsanzo chodziwika pa chilumba cha Mbenji, pamene a mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo utaka wa kumeneko ukadali wotchuka.

Ife amene timapumula tsiku limodzi pa masiku 7 aliwonse tiyenera kukhala oyamba kumvetsa kuti madzi nawo amafuna kupuma. Abale athu asodzi amene amakokera maboti kumtunda dzuwa la Lachisanu lisanalowe akhalenso patsogolo pokana masikito ndi polemekeza nyengo yotseka. Alongo athu a geni ayanike pathandala loyera, asathire mankhwala, ndipo muyeso wa ndowa yawo ukhale woona. Ife ogula tikane timilu ta tiana ta chambo ngakhale titatchipa, chifukwa chimene sichigulidwa sichigwidwa kawiri. Ndipo sabata ino, pogawa ndiwo, tiyambe ndi mbale ya mwana wamng'ono ndi ya mayi woyembekezera.